Hediseti ya VR: mtengo wa pabokosi si umene mudzalipire mu Lusaka

Woulutsa: Tabweranso omvera. Pa WhatsApp pathu padzaza funso limodzi, makamaka kuchokera kwa achinyamata a ku Chelston ndi ku Kabwata: hediseti ya VR yosewerera magemu, chovala kumaso chimene chimakuonetsani ngati muli m'kati mwa gemu, ndi zingati? Akulu, inu mumazidziwa bwino zinthu zimenezi, tiyankheni.

Katswiri: Zikomo. Choyamba munthu adziwe kuti mahediseti alipo a mitundu iwiri. Ena amagwira okha, kompyuta ili m'kati momwemo. Ena ndi magalasi chabe, amafuna makina ena owapatsa gemu. Kusiyana kwa ndalama kwagona pamenepo.

Ogwira okha amene mungawapeze msanga ndi a Meta. Quest 3S inatuluka mu 2024 pa madola 299 ya 128GB, ndi madola 399 ya 256GB. Mkulu wake, Quest 3, inatuluka mu 2023 pa madola 499 ya 128GB, ndipo mu 2024 ya 512GB inatsitsidwa kufika pa 499 pomwepo. Ziwirizi zili ndi purosesa imodzi, Snapdragon XR2 Gen 2, choncho gemu yothamanga pa ina ithamanganso pa inzake. Ndalama zapamwambazo kwenikweni mukugula malenzi. Pa 3S chithunzi chimaoneka bwino pakati pokha, m'mbali chimachita chimbuuzi. Pa Quest 3 chimayera mpaka m'mphepete, ndipo mpata wa malenzi mumausintha ndi kagudumu mpaka ugwirizane ndi maso anu, pamene 3S ili ndi poimika patatu pokha: mamilimita 58, 63 ndi 68.

Woulutsa: Nanga ya PlayStation ija?

Katswiri: PS VR2 inayamba pa madola 549 mu 2023, mu 2025 Sony anaitsitsa kufika pa 399. Koma popanda PS5, kapena kompyuta ya magemu yokhala ndi adaputa yake, ndi chokongoletsa pa shelefu. PS4 siigwira, ndipo magemu a PSVR yakale sasewereka pa yatsopanoyi. Amene ali kale ndi PS5 m'nyumba, ndi njira yabwino. Amene alibe awerengere mitengo iwiri. Valve Index inatuluka pa madola 999 mu 2019 ndipo imafuna kompyuta ya magemu yokhala ndi khadi ya zithunzi yamphamvu. Apple Vision Pro, madola 3,499, tiisiye, sinapangidwire magemu kwenikweni.

Woulutsa: Ndiye munthu angotenga 299 n'kuchulukitsa ndi mtengo wa dola ku bureau?

Katswiri: Apo ndi pamene ambiri amapsa, bambo. Meta sagulitsa mwachindunji kuno ku Zambia, ndiye katunduyo amabwera kudzera mwa otumiza kuchokera ku America, ku UK, ku Dubai kapena ku South Africa. Tengani pepala tiwerengere limodzi.

Lembani 299, mtengo umene 3S inatulukira mu 2024. Onjezani ya ndege ndi inshuwalansi, tiyerekeze kuti akuuzani madola 41, zakwana 340. A ZRA amawerengera msonkho pa 340 imeneyo, osati pa 299. Mlingo wa duty umatengera gulu limene katunduyo waikidwa, ndiye funsani ejenti wanu akuuzeni musanalipire. Tiyerekeze kuti wagwera pa 25 peresenti: ndi madola 85, tafika 425. Kenako VAT, 16 peresenti, amaiwerengera pamwamba pa zonsezo, duty ili momwemo. Ndi madola 68. Tafika 493, ejenti asanadye yake, banki isanadule yake posintha kwacha kukhala dola. Nambala imeneyo ndi yomwe muchulukitse ndi mtengo wa dola wa tsikulo.

Ndiye mukaona m'shopu ku Manda Hill kapena ku East Park mtengo uli pamwamba kwambiri kuposa wa pa intaneti, musathamangire kunena kuti akuba. Werengani kaye choncho. Chimene muwafunse ndi chakuti: ikafa m'mwezi woyamba, ndibwere nayo kuno kapena mundiuza za ku America? Alembe yankho pa risiti. Waranti ya Meta imagwira m'maiko amene iwo amagulitsako, ndipo kuitumizanso kunja ndi ndalama zanu.

Woulutsa: Chabwino, yafika m'nyumba. Ndalama zatha kutuluka?

Katswiri: Ayi ndithu. Lamba wansalu wobwera nayo amasiya kulemera konse pamphumi ndi m'masaya, pakatha theka la ola mutu umayamba kuwawa. Lamba wolimba wa Meta, Elite Strap, unali madola 70, wokhala ndi batire 130. Amakampani ena amatchipa ndipo ambiri amagwira bwinobwino. Makontirola ake awiri ogwira m'manja aliyense amadya batire imodzi ya AA, gulani zotchajanso zinayi ndi tchaja yake muiwale nkhaniyo. Tchaja ya hediseti ikabwera ndi mapini awiri a ku America mufuna adaputa ya masoketi athu a mapini atatu. Magetsi a 230 imalandira, werengani pamene palembedwa 100 mpaka 240V.

Batire ya hediseti imatha pa maola awiri kapena awiri ndi theka. Ubwino wake, malaiti akapita mutha kusewerabe magemu amene munatsitsa kale, ndipo power bank ya USB-C yotulutsa mawati 18 kapena kuposa imawonjezera nthawi. Wa PS VR2 malaiti akapita nayenso wapita, pokhapokha ali ndi inveta. Koma mumdima Quest 3 imasokonezeka chifukwa makamera ake amafuna kuona chipinda, ndiye nyale ya sola iyake.

Kenako magemu. Beat Saber ndi madola 30, Half-Life: Alyx ndi 60 pa Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta, ndipo imafuna kompyuta. Aulere alipo, monga Gorilla Tag ndi VRChat. Sitolo ya Meta imafuna khadi ya Visa kapena Mastercard yololedwa kugula pa intaneti. Magemu akuluakulu amadutsa 10GB, ena 30GB, kuphatikiza ma update, ndiye bandulo ya pafoni imasungunuka. Tsitsani pa Wi-Fi yopanda malire. Amene akufuna kulumikiza Quest ku kompyuta asagule chingwe cha Meta cha madola 80 msanga. Chingwe chabwino cha USB 3 cha mamita asanu chimagwira, kapena Air Link yaulere, yolumikiza popanda chingwe, ngati rauta yanu ili ndi 5GHz ndipo kompyuta yalumikizidwa ku rauta ndi waya.

Woulutsa: Wina pano akuti wapeza Quest 2 yogwiritsidwapo kale pa Facebook, yotchipa kwambiri. Agule?

Katswiri: Quest 2 ndi ya 2020, Meta anasiya kuigulitsa mu 2024, ndipo isanachoke m'mashopu yatsopano inali itatsika mpaka madola 199. Ndiye wogulitsa yakale pamtengo woyandikira 3S yatsopano akukuseweretsani. Magemu ena atsopano sakutulukanso pa Quest 2. Ngati mtengo uli pansi zedi, mutha kutenga, koma osatumiza mobile money musanaivale kumaso.

Mukakumana, muyese motere. Valani, tsegulani tsamba loyera pa browser, yang'anani ngati pali kadontho kachikasu kapena kakuda kosasuntha. Kameneko ndi dzuwa: likalowa m'malenzi limawotcha sikirini m'kati, ngakhale kwa kanthawi kochepa, ndipo sikufufutika. Pendekani malenzi pa tochi ya foni muone mikwingwirima, imabwera ndi anthu ovala magalasi a maso popanda kapulasitiki kotalikitsa magalasiwo ndi malenzi. Kenako siyani timitengo ta makontirola osatikhudza. Menyu ikamayenda yokha, kontirolayo yatopa, ndipo imodzi yatsopano inkayandikira madola 70. Tsegulani pa mabatire muone ngati mulibe zoyera za batire yotayikira. Pomaliza mwini wake aichotse pa akaunti yake ya Meta ndi kuchita factory reset inu mukuona. Magemu amene akukuonetsani ali pa akaunti yake, sapita nanu, ndiye asawaike pamtengo.

Woulutsa: Makolo akufunsanso za ana.

Katswiri: Meta amalola kuyambira zaka 10 pa akaunti yoyang'aniridwa ndi kholo, Sony amati PS VR2 si ya ana osakwana zaka 12. Ndipo musanatulutse ndalama yezani pabalaza: pamafunika malo opanda kanthu a mamita awiri mbali zonse, kutali ndi TV ndi fani ya kudenga, chifukwa kontirola imasweka pomenya khoma. Mukamaliza kusewera isungeni m'kabati kapena m'chikwama chake, osati pawindo, ndipo malenzi muzipukuta ndi kansalu kouma ka magalasi basi, osathira spirit.