Mwana wa Fomu 3 akhoza kulera mnzake wa Fomu 1

Zikomo a wapampando. Makolo anzanga, aphunzitsi, ndi inu ana athu mwakhala kumbuyoko, ndikupatseni moni nonse.

Ndiyambe ndi mtsikana wina amene ndinamuphunzitsapo, dzina sinditchula. Atangofika ku sekondale, anatha sabata zitatu osayankhula m'kalasi. Ankakhala mpando wakumbuyo, kope chitsegulire, cholembera chili m'manja, koma osalemba kanthu. Ndikamufunsa kuti, "Wamva?" ankangogwedeza mutu. Amene anatulukira vuto lake anali mtsikana wa Fomu 3 yemwe tinamupatsa ana atsopano asanu kuti aziwayendera. Tsiku lina anagogoda ku ofesi nati, "Aphunzitsi, mwana uja saona pa bolodi, ndipo akuchita manyazi kunena." Ine ndinkaima patsogolo pake tsiku ndi tsiku osadziwa, koma iye anauza mnzake wa Fomu 3 uja akupita ku laibulale. Tinamusunthira kutsogolo, makolo anakamuyezetsa maso, ndipo mwanayo anayamba kukweza mkono.

Mwana amaopa mphunzitsi ngakhale mphunzitsiyo akhale wofatsa chotani, chifukwa ndi amene amachonga mayeso. Koma wa Fomu 3 mantha a Fomu 1 wawaona dzana lomweli, akuwakumbukira.

Nzeru imeneyi, yoti ana okulirapo azilera anzawo atsopano pa sukulu, si yachilendo. Andrew Bell, amene ankayang'anira sukulu ya ana amasiye ku Madras ku India, anayamba kugwiritsa ntchito ana okulirapo kuphunzitsa ang'ono, ndipo analemba za njirayi mu 1797. Chaka chotsatira, mu 1798, Joseph Lancaster anatsegula sukulu ku London komwe ana mazanamazana ankaphunzira kudzera mwa anzawo. Njira yawoyo pambuyo pake inazilala, ndipo ine ndimati inayenera kuzilala, chifukwa ana aja ankangobwereza mawu ngati zinkhwe, ndipo ankawaika m'malo mwa mphunzitsi pofuna kupulumutsa ndalama. Zimene tikukamba lero si zimenezo. Mphunzitsi akhalabe mphunzitsi. Katswiri wa maganizo a ana wa ku Russia, Lev Vygotsky, yemwe anamwalira mu 1934, anafotokoza bwino kuti pali zinthu zimene mwana sangathe payekha, koma amazitha akathandizidwa ndi wamkulu kapena mnzake wodziwako pang'ono. Pamenepo ndi pamene tikufuna ana athu okulirapo aime.

Ndikudziwa makolo ena mumtima mukuti, "Mwana wanga ali ndi mayeso ake, aziwonongeranji nthawi pa ana a eni?" Funso labwino. Mu 2014, ofufuza a ku Washington University ku St. Louis ku America anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Ena anawauza kuti alemba mayeso, ena anawauza kuti akaphunzitsa mnzawo. Amene ankayembekeza kukaphunzitsa ndiwo anakumbukira bwino, makamaka mfundo zikuluzikulu. Aphunzitsi muli panowa mukudziwa, samu imene unaimvetsa kwenikweni ndi ija unayamba waifotokozera munthu wina.

Komanso utsogoleri suyambira pa baji. Mwana akafika pa nthawi yake chifukwa anzake asanu akumudikira, akaugwira mtima mnzake atalakwitsa kachitatu, akamvetsera mpaka mnzakeyo amalize kulankhula, ameneyo wayamba kale kutsogolera. Ola limodzi pa sabata ndi lokwanira.

Tsopano apa ndichedwepo, chifukwa mpamene zimaonongekera. Mphamvu ukaipereka kwa mwana popanda kumuphunzitsa, imasanduka chikwapu. Thomas Arnold, amene anakhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya Rugby ku England kuyambira 1828, amatamandidwa chifukwa chodalira anyamata akuluakulu kusunga mwambo. Koma m'masukulu ambiri ogonera a ku England nthawi imeneyo, akuluakuluwo ankasandutsa ang'ono antchito awo, ena kuwamenya kumene. Kutiza kumene timadandaula nako kumachokera pomwepo, wamkulu kuganiza kuti mwana watsopano ndi wake womutuma. Ndiye posankha ana olera anzawo, tisamangothamangira amene amakhala nambala wani kapena amene ali ndi mawu okweza. Ndaonapo mnyamata wachete, wamagiredi apakatikati, amene ang'ono ankamutsatira ngati anapiye chifukwa sankawaseka akafunsa funso.

Ndipo inu ana athu, mverani ichi bwinobwino. Simuli apolisi, simulinso madokotala. Mnzanu akakuuzani kuti wina akumugwiragwira, akumenyedwa kunyumba, kapena akuganiza zodzipha, musamulonjeze kuti musunga chinsinsi. Muuzeni kuti, "Izi zandikulira, tiye tipite limodzi kwa aphunzitsi." Mutu umodzi susenza denga, ndipo katundu wotero si wa mwana wa zaka 16. Choncho sukulu isankhe mphunzitsi mmodzi wodziwika kwa onse, amene azikumana ndi ana olerawa sabata iliyonse kuti nawonso atule zimene amva.

Pempho langa kwa a komiti ndi lakuti teremu isanayambe, tipatule masiku awiri ophunzitsa ana amene asankhidwe, ndipo aliyense apatsidwe ana atsopano osapitirira asanu. Makolo amene ana anu asankhidwe, chonde muziwafunsa madzulo kuti zikuyenda bwanji. A wapampando, ndabweza mpando, ndilandira mafunso.