Kutseka sikubwerera, koma wosankha ndi mwini thupi

Amfumu, amayi, abambo, zikomo. Nkhani ya mayi uja wa kuno ku Chiputula mwaimva. Ali ndi ana 5, anapita kuchipatala china kukapempha kutseketsa kuti asaberekenso, anamubweza ati akadali wamng'ono, adzanong'oneza bondo. Mimba yotsatira inatsala pang'ono kumutenga, magazi osaleka usiku wonse.

Amene anamubwezayo sananame konse ayi. Kutseka sikubwerera, ndibwerezenso, sikubwerera. Amayi otseketsa asanakwane zaka 30 ndi amene amadandaula kawirikawiri pambuyo pake. Ine ndinaonapo mayi ku Zolozolo, banja linatha, anakwatiwanso, bambo watsopano akufuna mwana, iye n'kumangolira. Koma mantha athu azaumoyo asatipatse mphamvu yosankhira munthu wamkulu. Ntchito yathu n'kumufotokozera zonse, n'kumumvetsera, kenako iye asankhe. Inu azilamu ndi apongozi mumakonda kunena kuti "aberekebe", koma tsiku lobereka simukhala inu pabedi paja.

Bambo wina: Nanga ine ndinapereka malowolo, mkazi akatseke ine osadziwa?

Bambo, funso labwino, khalani pansi ndikuyankheni. Kukambirana m'banja timalimbikitsa kwambiri, bwerani limodzi, mudzamve ndi makutu anu. Koma lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati wazaumoyo apereke chithandizo cha kulera posayang'ana ngati munthu ali pabanja kapena wabwera ndi mwamuna wake. Ng'ombe zija zinamanga ubale wa mabanja awiri, sizinagule chiberekero. Ndipo ngati ana akwana, nanunso mutha kutseketsa. Opaleshoni ya abambo ndi yaing'ono kuposa ya amayi, mphamvu zakuchipinda sizichoka. Mukuseka, koma n'zoona. Nayonso siibwerera.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana kumsika, ndifulumire. Ngati mumtima mukukayikabe, musatseke. Pali njira zina zolera: zoika pamkono monga Implanon ya zaka 3 ndi Jadelle ya zaka 5, komanso lupu yoika m'chiberekero yofika zaka 10, zonsezi zimachotsedwa mukafuna mwana. Musasankhe muli pamatenda kapena mutayambana ndi bambo kunyumba. Musasainire pepala lomwe simunalimvetse, funsani mpaka mumve, chifukwa kutseka sikubwerera. Mukatsimikiza koma akubwezani popanda chifukwa cha zaumoyo, funsani kuonana ndi wamkulu wa pamalopo, kapena bwerani kwa ine tikapitire limodzi. Amayi a sikelo, musachoke, tiyeza ana pompano.