Munthu wa pa bulu amene anagwedeza ufumu wa Afatimid

Abale ndi alongo, zikomo pobwera. Sabata yathayi achinyamata athu ena anatsala pang'ono kumenyana chifukwa cha kanema amene akuyenda m'mafoni wotamanda Abu Yazid, mtsogoleri wa opanduka wa kumpoto kwa Africa, ngati ngwazi ya chipembedzo, choncho akuluakulu andipempha kuti ndifotokoze mbiri yake. Chenjezo langa ndi ili: musatsatire munthu chifukwa chongoti akudana ndi amene inunso mukudana naye.

Mu 909 Afatimid, omwe anali Ashia a gulu la Ismaili, anakhazikitsa ufumu ku Ifriqiya, kumene lero kuli Tunisia, modalira ankhondo a fuko la Kutama. Abu Yazid anali nkhalamba ya fuko la Zenata, mphunzitsi wa ana wotsatira chiphunzitso cha Ibadi, gulu la Chisilamu losiyana ndi Asunni komanso Ashia. Ankavala mkanjo waubweya n'kumayenda pa bulu, ndipo anthu otopa ndi misonkho anamukhamukira, moti mu 944 anachoka m'mapiri a Aurès n'kulanda mzinda wa Kairouan.

Bambo kumbuyoko, mukufunsa kuti zinatheka bwanji kuti mashehe a Sunni agwirizane ndi munthu amene chiphunzitso chake ankachitsutsa. Mwafunsa bwino. Afatimid anali atasintha mawu a azana ndiponso kuzunza ena mwa mashehe a Sunni otsatira chiphunzitso cha Maliki, choncho mashehewo anaona kuti yense wochotsa goli limeneli ndi wothandiza. Anatuluka ndi mbendera kukamenya nkhondo, ndipo ambiri anafera komweko. Koma ankhondo a Abu Yazid anafunkha katundu wa anthu omwewo amene ankati akuwamasula, ndipo mwiniwakeyo anasiya bulu n'kukwera hatchi, ubweya n'kuvala silika. Ndibwerezenso, makamaka kwa inu anyamata amene maso ali pa foni panopa: kukhala ndi mdani mmodzi yemweyo sikutanthauza kuti muli pa ulendo umodzi.

Ndaona kuti ena ayamba kuyasamula, ndiye ndifulumire. Mu 945 Abu Yazid anazinga Mahdia, likulu la Afatimid, kwa miyezi yambiri osailanda, ndipo mafuko omutsatira anayamba kubalalika. Khalifa al-Qa'im, wolamulira wa Afatimid, anamwalira mu 946, mwana wake al-Mansur anabisa malirowo, nathamangitsa wopandukayo mpaka ku linga la Kiyana, kumene anamugwira ali wovulala mu 947. Atamwalira anamusenda khungu n'kumalionetsa kwa anthu. Za Abu Rakwa, amene anaukira al-Hakim, khalifa wina wa Afatimid, ku Barqa (kumene lero kuli Libya) mu 1005, tidzakamba tikadzakumananso.