Makalata a omvera: bwalo lothamangira, magetsi a ku Songo ndi kutentha kwa Tete

Moni ana asukulu ndi aphunzitsi nonse, kuyambira ku Ulónguè, Tsangano, Furancungo mpaka ku Zóbuè. Titsegule makalata.

Yoyamba yachokera kwa aphunzitsi a zamasewera ku Angónia. Akuti:

"Ana amalidziwa dzina la Lurdes Mutola, koma ambiri sadziwa kutalika kwa mamita 800 amene ankathamanga. Ndi kuzungulira kawiri bwalo la mamita 400, ndipo bwalolo mutha kulilemba nokha pasukulu. Khomani zikhomo ziwiri, pakati pake pakhale mamita 84 ndi masentimita 39. Mangani waya wa mamita 36 ndi masentimita 80 pachikhomo chimodzi, kunsonga kwake muikeko kamtengo kosongola, muukoke n'kulemba pansi mzere wokhota ngati uta, msana wake uloze kunja. Muchite chimodzimodzi pachikhomo chinacho. Kenako lumikizani nsonga za mauta awiriwo ndi mizere iwiri yowongoka, muthire laimu kapena phulusa. Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa chingwe. Cha nayiloni chimatamuka mukachikoka, ndipo chikatamuka theka la mita lokha, bwalo lonse latalika ndi mamita atatu. N'chifukwa chake ndikuti waya."

Zikomo aphunzitsi, mwatigwirira ntchito. Ndiwonjezere ziwiri. Malo ake akhale pafupifupi mamita 160 m'litali ndi 80 m'lifupi, ndiye bwalo la mpira palokha lichepa. Chinanso, mukalemba tinjira ta othamanga, kalikonse kakhale mita imodzi ndi masentimita 22, ndipo wa kanjira kachiwiri akazungulira kamodzi amathamanga mamita pafupifupi 7 kuposa wa m'kati. Musawaimike pamzere umodzi poyamba, wakunja azitsogolako. Mutolayo anayamba ndi mpira, kusewera ndi anyamata ku Maputo, ndipo mu 2000 ku Sydney anatenga mendulo ya golide ya Olimpiki, yoyamba ya Mozambique, pa mphindi imodzi ndi masekondi 56. Anawo adziyese pamenepo.

Kalata yachiwiri ndi ya mtsikana wa kalasi 6 ku Furancungo: "Kodi magetsi a ku Cahora Bassa amakhala m'madzi? Nanga akawachotsamo, madzi otsalawo ndi abwino?"

Funso labwino, mwana wanga. M'madzi mulibe magetsi ayi. Chimene madzi ali nacho ndi kulemera. Khoma la damu la Cahora Bassa ku Songo ndi lalitali mamita 171, linayamba kumangidwa mu 1969, ndipo madzi a Zambezi anayamba kudzaza kumbuyo kwake kumapeto kwa 1974. Madziwo amalowa m'mapaipi akuluakulu n'kutsika pafupifupi mamita 100 kupita ku makina amene ali m'phanga losemedwa m'thanthwe. Kumeneko amakankha mapiko achitsulo, mapikowo amazunguza mtanda wachitsulo, mtandawo umazunguza maginito pakati pa mawaya amkuwa okulungidwa. Maginito akamazungulira pafupi ndi waya wamkuwa, m'wayamo mumayenda magetsi. Dayinamo ya panjinga imagwira ntchito momwemo, kungoti imazunguzidwa ndi tayala. Makina opanga magetsiwa, majenereta, alipo asanu, iliyonse ya mamegawati 415, zonse pamodzi 2,075. Ambiri mwa magetsiwo amayenda pa nthambo makilomita pafupifupi 1,400 mpaka ku siteshoni ya magetsi ya Apollo, kufupi ndi Johannesburg. Ndipo kuyambira mu November 2007, gawo lalikulu la kampani yoyendetsa damuli lili m'manja mwa Mozambique, osatinso Portugal.

Madziwo akatuluka amakhala omwewo, sachotsedwa kanthu, ndi amene amadutsa pansi pa mlatho wa Samora Machel ku Tete. Vuto limabwera ndi chilala. Mvula ikachepa ku Angola ndi ku Zambia kumene mitsinje yothira mu Zambezi imachokera, nyanja ya kumbuyo kwa damu imaphwera, mtunda umene madzi amatsika umachepa, mphamvu yokankha mapiko nayonso imachepa. Ndiye magetsi athu amadalira mvula yogwa kutali, kumene ambiri a ife sitinafikeko.

Yomaliza ndi ya mnyamata wa ku Tsangano: "Bwanji kwathu timavala majuzi pamene ku Tete anthu akutuluka thukuta, chonsecho chigawo n'chimodzi?"

Ndi kukwera kwa malo, mwanawe. Ukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7, chifukwa mpweya wa pamwamba ndi wopepuka ndipo ukamakwera umafutukuka n'kuzizira. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, mamita osakwana 200 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Angónia ndi Tsangano zili pamwamba kupitirira mamita 1,000. N'chifukwa chake mbatatesi ndi tirigu zimalola kwanuko, koma kuchigwa kumachita bwino mapira, mchewere ndi malambe.