Asiyireni khunkha

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Tisanateleke madzi a tiyi, titsegule Rute 2:15-16.

Rute anali mlendo ku Betelehemu, mayi wamasiye wa ku Mowabu, wopanda ngakhale mzere umodzi wa munda. Lamulo la pa Levitiko 19:9-10 linkaletsa wokolola kusesa munda mpaka m'malire. Ankayenera kusiyira osauka ndi alendo khunkha. Boazi, mwini munda umene Rute ankakunkhamo, ankalidziwa lamuloli, koma chondigwira mtima n'chimene anawonjezera yekha. Anauza anyamata ake kuti azisolola dala ngala zina pamitolo n'kuzigwetsa, ndipo wina asayerekeze kumukalipira mayiyu. Madzulo Rute analowa m'mudzi atasenza barele wake ngati wina aliyense woweruka kumunda. Palibe anamuloza chala kuti uyo wopemphetsa uja.

Maganizo anga m'mawa uno ali ku Dzaleka, ku Dowa. Malo amene anali ndende nthawi ya Kamuzu anasanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Makolo ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma kumeneko kuli ana obadwira mumsasa amene nawonso tsopano akubereka awo kumbuyo. Minda alibe. Amene ankadzipezera okha chakudya pogulitsa m'timashopu ta m'matauni anabwezedwa kumsasa mu 2023, ndipo thandizo la WFP, bungwe la United Nations loona za chakudya, lakhala likuchepa chifukwa ndalama zikusowa. Mwezi usanathe, mphika umakhala utavundikiridwa kale.

Ndiulule tchimo langa. Tsiku lina ife amayi a kumpingo tinasonkha ufa, nyemba ndi mchere n'kupita kumeneko. Tinawaimika anthu pamzere padzuwa, ine foni m'manja, kujambula zoti tikaonetse pagulu. Mayi wina, khanda lili kumsana, atafika polandira anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso. Thumba analandira ndi manja awiri, anagwada, anathokoza m'Chiswahili, koma nkhope sanaionetse. Chithunzicho ndinachifufuta tili m'minibasi. Chitenjecho mpaka lero ndimachiona ndikatseka maso popemphera.

Kuyambira pamenepo tinasintha. Mumsasamo muli mipingo yambiri ya eni ake, ndipo abusa ndi amayi a kumeneko amadziwa khomo limene moto sunayake dzulo. Timawatula katunduyo m'manja mwawo, iwo amakagogoda okha kachisisira, popanda mzere, popanda foni.

Ndikudziwa, nafenso chimanga chatikwerera, ena mwa inu mwagona ndi phala. Komatu makolo athu ku Nsanje, Ntcheu ndi Dedza sanali olemera pamene nkhondo ya ku Mozambique inatibweretsera anthu oposa 1 miliyoni. Ankapungula m'nkhokwe zomwezo zosadzadza. Mbale imodzi ya ufa pa banja lililonse la mumpingo, Lamulungu likudzali, ikhoza kudzaza thumba.

Tipemphere. Atate, Inu amene Mwana wanu anathawitsidwira ku Iguputo ali khanda, kumbukirani mabanja a ku Dzaleka amene adzuka lero osadziwa chophika. Tikhululukireni pamene tinachititsa manyazi munthu wanjala. Mayi uja wachitenje, kulikonse ali m'mawa uno, mumudyetse pamodzi ndi mwana wake. M'dzina la Yesu, Amen.