Makalata a omvera: Kodi zisudzo ndi ntchito?

Takulandirani omvera nonse, yakwana nthawi ya makalata anu. Sabata ino ambiri mwalemba za anthu a zisudzo ndi mafilimu, ndiye ndasankhapo atatu.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ndirande. Akuti: "Achimwene, mwana wanga ali Fomu 3. Akaweruka safika msanga pakhomo, amatsalira ku kalabu ya zisudzo, ndipo akuti ntchito yake idzakhala yomweyo. Bambo ake akuti izi ndi za anthu olephera sukulu, asiye. Ine ndathedwa nzeru. Kodi amene timawaona pa kanema aja adaphunzira? Nanga amadya zomwezo?"

Zikomo mayi. Abambo akunyumbako andikhululukire, koma zoti zisudzo ndi za olephera sukulu sindikuvomereza. Malemu Du Chisiza Jr adayambira pa kalabu ngati imene mwana wanuyo akutsalirako, pa sekondale ya HHI mu Blantyre momwe muno. Sewero lomwe adalemba ali mwana wasukulu lidapambana pa mpikisano wa zisudzo wa masukulu a dziko lonse. Sadalekere pomwepo, adapita ku Philadelphia ku America kukaphunzira luso lomweli, ndipo atabwerako adayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987. Mu 1993 adakhala nduna yoona za achinyamata, masewera olimbitsa thupi ndi chikhalidwe. Adamwalira mu 1999 ali ndi zaka 35 zokha, atalemba masewero oposa 20. Achikulire amene ankapita ku French Cultural Centre masiku amenewo angakuuzeni mmene anthu ankadzazira Wakhumbata ikabwera ndi sewero latsopano.

A Shemu Joyah, amene adatipatsa mafilimu a Seasons of a Life, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, adaphunzira masamu ndi ntchito yoyeza malo. Kamera adaigwira ali kale ndi ntchito m'manja. Nawo a Michael Usi, amene ana amangowadziwa kuti Manganya wa mu Tikuferanji, adagwira ntchito zaka zambiri ku bungwe la ADRA, adaphunzira mpaka digiri ya pamwamba ya PhD, ndipo mu June 2024 adalumbiritsidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko.

Koma funso lanu lachiwirilo ndisakunamizeni, ndipo apa abambowo ali ndi mfundo. Gulu likafuna kuonetsa sewero limalipira holo, kusindikiza mapositala, kupeza galimoto yonyamula anthu ndi katundu, zonsezo likudalira ndalama za pakhomo. Tsiku lomwelo Bullets ndi Wanderers zikakumana pa Kamuzu Stadium, kapena mvula ikangotsika masana, mumasewerera mipando. Filimu nayo ikatuluka lero, mawa anyamata akuikopera anthu m'mafoni kumsika ndi ndalama yochepa, mwini wake osaonapo kanthu. N'chifukwa chake ambiri mwa akatswiri athu ali ndi ntchito ina yowadyetsa, kapena amadalira mabungwe ofuna masewero ophunzitsa za umoyo ndi zisankho.

Ndiye mwanayo musamuletse. Khalani naye pansi pamodzi ndi bambo ake mugwirizane kuti kalabu apitirize, koma MSCE akhoze bwino, chifukwa ku University of Malawi ku Zomba maphunziro a zisudzo aliko ndipo salowako wopanda mapointi. Ndipo tsiku lomwe akusewera kusukuluko, abambowo muwatenge akamuone yekha ali pa siteji asanagamule.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Bangwe. Akuti adatsutsana ndi anzawo pa bawo: anzawowo akuti Izeki ndi Jakobo adali pachibale ndipo mayinawo ndi awo enieni. Bambo, mwapambana ndinu. Izeki adali a John Nyanga, Jakobo a Eric Mabedi, ndipo chomwe chidawalumikiza ndi ntchito, makamaka m'gulu la Kwathu. A Nyanga adatisiya mu 2016, a Mabedi mu 2021. Awiriwa adaonetsa kuti sewero la m'Chichewa likhoza kudzaza holo.

Yomaliza yachokera kwa mtsikana wa ku Chilobwe. Akuti: "Ine sindifuna kuoneka pa kamera, ndimafuna kulemba ndi kutsogolera. Anzanga akuti udayilekita ndi wa amuna. Alipo mkazi amene adazichitapo kuno kwathu?"

Alipo, chemwali, ndipo anzakowo ukawauze mayina awa. Du Chisiza atamwalira, amene adanyamula Wakhumbata ndi malemu Gertrude Kamkwatira, yemwe pambuyo pake adayambitsa gulu lakelake la Wanna-Do. Ankalemba yekha, kutsogolera yekha, n'kusewera momwemo, mpaka pamene adamwalira mu 2006. Joyce Mhango Chavula naye adayambira pa siteji asanalowe m'mafilimu, ndipo filimu yake ya Lilongwe idapata mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Nigeria mu 2016, ngati filimu yopambana ya kummwera kwa Africa.

Onsewa adayamba ndi kusewera pansi pa ena, ndiye ngakhale kamera sukuifuna, lowa kaye m'gulu. Uone mmene dayilekita amabwezera anthu chiganizo chimodzi mpaka chimveke kumpando wakumbuyo, mmene amauzira munthu poima kuti asapatse anthu msana. Ukatero lemba kasewero ka mphindi 10, upeze anzako atatu, mukayesere kutchalitchi kapena kusukulu. Kakatheka utilemberenso, utiuze tsiku ndi malo, tidzalengeza pa pulogalamu ino.