Helikopita simangodzuka ngati tombolombo

Muli bwanji nonse amene mukutionera! Lero ndaima pa bwalo la mpira kuno ku Salima, dzuwa likuswa mtengo. Uko kuli mitengo ya mango, mbali iyi mawaya a magetsi. Helikopita itatera pano, n'chiyani chingaigwetse ponyamuka?

Choyamba, kutentha. Mpweya wa mu October ngati uno umapepuka, mapiko sagwira bwino, injini nayo imachepa mphamvu. Chachiwiri, katundu akachuluka. Izi n'zosavuta kumva, tipitirire.

Chachitatu ndi bodza limene limandiwawa kwambiri. Anthu amati helikopita ilibe vuto, paliponse imangodzuka tsonga n'kumapita. Ayi ndithu, abale anga! Kukwera molunjika kumwamba ndiye ntchito yolemetsa kuposa zonse. Ikakhala pafupi ndi nthaka, mphepo imene mapiko akukankhira pansi imagunda dothi n'kuichirikiza ngati mtsamiro. Ikangokwera kupitirira kutambalala kwa mapiko ake, mtsamiro uja watha. Thandizo lina limabwera ikayamba kuthamangira kutsogolo pa liwiro la makilomita 30 mpaka 45 pa ola, chifukwa apo mapiko amakumana ndi mpweya watsopano wosavunduka. Ndiye taonani mangowa. Ithamangira kuti? Woyendetsa amakakamizika kukwera molunjika, injini ikukoka ndi mphamvu zake zonse. Itazima pamenepo, ali kale m'mwamba moti kugwa n'kuphwanyika, komanso alibe liwiro loti mapiko azidzizungulira okha mpaka atere bwino. Oyendetsa ndege vuto limeneli amalitcha dead man's curve, kutanthauza mzere wa munthu wakufa, ndipo dzinalo sanalipereke mwamasewera.

Okonda mpira mukukumbuka za ku Leicester. Pa 27 October 2018 helikopita ya AW169 inanyamuka pakati pa King Power Stadium, bwalo la timu ya Leicester City ku England. Itangokwera kupitirira denga, chitsulo chowongolera timapiko ta kumchira chinalephera, ndege inayamba kuzungulira n'kugwa kunja kwa bwalo. Anthu asanu anamwalira, kuphatikizapo mwini timu, Vichai Srivaddhanaprabha.

Ngati mwaphunzirapo kanthu, dinani subscribe ndi kabelu kaja, mutumizenso vidiyoyi ku gulu lanu la WhatsApp.

Chachinayi, fumbi. Taonani, ndangopalasa ndi phazi pang'ono, laona kale kumwamba. Mapiko akalivundula, woyendetsa saonanso pansi, sadziwa ngati ndege yapendekeka. Waya nayenso saoneka uli m'mwamba, n'chifukwa chake amayang'ana mapolo.

Chachisanu ndife tomwe. Ikabwera ndi thandizo nthawi ya madzi osefukira, kapena ndi akuluakulu a ndale, timakhamukira pafupi. Jumbo, chitenje, lata losakhomedwa bwino, zonsezi zimauluka n'kukodwa m'mapiko kapena kulowa mu injini. Amayi, gwirani ana pamkono. Kumchira musapiteko ngakhale pang'ono, timapiko ta kumeneko tikamazungulira sitioneka. Imani patali, kutsogolo kumene woyendetsa akukuonani, mpaka iye kapena msilikali akukodoleni.

Sabata ya mawa tikambirana mmene helikopita imaterera injini itazima. Mafunso anu lembani m'munsimu.